Nsapato za M'dimba la a Crisanto

Mukafika m'tauni mwathu muno n'kufunsa kunyumba kwa malemu Crisanto Malpica, anthu amayamba akanda kumutu. Koma mukati, "Ndikufuna kwa mkulu uja ankachititsa manyazi maungu," ngakhale woyendetsa basi ya ku Córdoba akulozerani asanazimitse n'komwe injini. Munthuyo ankalalatira ndiwo za m'dimba, kuzikwapula ndi lamba, n'kuzipachikira nsapato zakutha kuti zichite manyazi zibale. Ine Ofelia, amene ndikukuuzani izi, ndinalibe kothawira, chifukwa anali mlamu wanga. Anakwatira mng'ono wanga Herminia, ndipo pakati pa nyumba yanga ndi yawo panali mpanda wa waya basi.

A Crisanto anali wometa tsitsi. Kashopu kawo kanali kumaso kwa nyumba: mpando umodzi wachitsulo wozungulira, galasi long'aluka pakona, ndi fungo la mafuta onunkhira lofika mpaka pamsewu. Manja awo anali ofewa kuposa anga, ine telala. Khasu ankangoliona pamapewa a anthu ena. Matenda awo aakulu anali akuti sankatha kupirira chinthu chotumphuka pamwamba pa chinzake. Kutchalitchi ulaliki sankaumva, maso ankangokhala pamakosi a anthu a pabenchi lakutsogolo. Tsache la Herminia analimeta pang'onopang'ono mpaka linatsala chogwirira. Bulu wa mayi wogulitsa mkaka anangoima pang'ono pakhomo pawo, koma pochoka anali atadulidwa seda.

Dimba linali la Herminia, kamalo ka m'mbali mwa nyumba koyang'ana kumsewu. Ana Mulungu sanawapatse, ndiye mng'ono wangayo nthawi yake yonse inkathera mmenemo. Ndipo mukudziwa mmene timachitira mwezi wa Meyi, pa tsiku la Isidoro Woyera, nkhoswe ya alimi. Khomo lililonse limanyamula dengu la zimene latulutsa m'nthaka yakeyake, n'kuyenda pamdipiti mpaka kutchalitchi kuti wansembe adalitse. Zogula kumsika sizilowa m'dengumo. Amayi a kuno amamudziwa phwetekere wa pamsika ali chapatali, ndipo akakugwira, nkhani yako imakafika kwa zidzukulu. Herminia anayamba kunyamula dengu ali mtsikana kwa bambo athu, ndipo anali asanaphonyepo chaka.

Ndiye chaka china, Khirisimasi itangopita, Herminia anagwa m'khitchini. Sitiroko. Mbali yonse yakumanja inafa, mawu nawo ankatuluka amodziamodzi movutikira. Tinamugoneka m'chipinda chakumbuyo kopanda phokoso, dimba lija n'kuuma tikuona. Tsiku lina ndikumumwetsa phala ndinaona kuti sakuyang'ana supuni, akuyang'ana dengu lake lopachikidwa pamsomali, misozi ikutsikira m'khutu. A Crisanto anali chiimire pakhomo la chipinda, ndipo anaona zomwe ndinaonazo.

Masana omwewo pampando wometera panali a Lupe a pagolosale, munthu wamfupi koma lilime lalitali. Theka la nkhope linali thovu lokhalokha.

"Chaka chino dengu la mkazi wanga lituluka," anatero a Crisanto akunola lumo.

"Muikamo chiyani, tsitsi lathu?"

"Za m'dimba mwanga."

"Dimba lanu inu? Bwanawe, inu simungasiyanitse kabichi ndi mutu wa munthu."

"Wanuwu ndimausiyanitsa. Kabichi amakhala ndi kanthu m'kati."

A Lupe sanaseke chifukwa lumo linali pakhosi, koma dzuwa lisanalowe msewu wonse unali utamva kuti wometa walumbira kuti alima.

M'mawa mwake a Crisanto anandiitana pampanda. Anali atavala chijasi chawo choyera cha kuntchito, m'dzanja muli nyemba imodzi.

"Alamu, nyemba iyi kumutu n'kuti?"

"Mukufunsiranji?"

"Ndingaibzale chadodolido, n'kumera chopita pansi."

"Ingoiponyani m'dothi, alamu. Imadziwa yokha kotulukira."

"Ayi, inu a Ofelia mumapeputsa zinthu. Chilichonse chimafuna dongosolo."

Dongosololo ndinaliona. Mizere anayeza ndi tepi yanga yosokera, imene sanabwezenso. Kuthirira ankathirira ndi kabotolo kopopera tsitsi, mbewu iliyonse kawiri, mpaka ndinawaponyera ndowa pamwamba pa mpanda. Manyowa atabwera, fungo linawakwiyitsa, ndiye anawaza mafuta onunkhira a m'shopu pamulu wonse, msewu n'kumanunkha ngati ng'ombe ikupita kuukwati. Karoti atamera anamuzula yense poyesa udzu, n'kusiya chitsamba china chaminga chifukwa akuti chinkaoneka cholongosoka. Anyezi ankamuzula m'mawa uliwonse kuti aone ngati akukula, akatero n'kumubwezera m'dothi. Anthu anayamba kuima pampanda ngati pali mpira. Ine ndinayamba kupita kumsika kudzera njira yakumbuyo, chifukwa aliyense wokumana nane ankayamba ndi kuti, "Alamu anu aja bwanji?"

Koma nthaka imene Herminia anaidyetsa zaka zonse zija sinali yoti n'kugonja chifukwa cha wometa mmodzi. Maungu anamera, phwetekere ndi nyemba zomwe, masamba obiriwira mochititsa kaso. Dzungu likati liyange kudutsa mzere wake, a Crisanto ankalibweza ndi sizasi. Kunena zoona dimba lokongola chotero ndinali ndisanalionepo. Vuto linali limodzi: silinkabala. Milungu inkapita, masamba okhaokha, ndipo ngakhale duwa limodzi palibe analiona.

Chifukwa chake ndinachipeza m'chipinda cha wodwala. Ine ndinkapitako masana ndikaweruka pamakina, koma tsiku limenelo ndinalawirira ndi khofi. Pakatebulo ka pambali pa bedi panali tambula yamadzi yodzaza maluwa: akuluakulu achikasu a maungu, toyera ta nyemba, ting'onoting'ono ta phwetekere, onse odulidwa mofanana bwinobwino ngati mutu wa mwana wasukulu. Mlamu wanga ankadzuka anthu asanatuluke, n'kudula duwa lililonse limene latseguka, kupita nalo kwa mkazi wake poti iye sankatha kuliona dimba. Akafota chakumasana ankawataya, n'chifukwa chake ine sindinkawapeza.

"Herminia, amenewa ndi maungu ako akufera m'tambula," ndinatero. "Dikira ndikamuuze chitsiru ameneyu."

Anandigwira mkono ndi dzanja lamanzere, ndipo sindinkadziwa kuti munali mutatsala mphamvu zotero.

"Musanene, achemwali."

"Nanga dengu?"

"Nthawi ilipo." Anapuma, kenaka n'kuwakoka mawu ena aja. "Chikwatirane, sanandipatsepo duwa."

Zinali zoona. A Crisanto ankamukonda mkazi wawo, koma chikondi chake chinali chodula nsonga za tsitsi ndi kubwera ndi nyama Loweruka. Maluwa ankati ndi a anthu akufa. Ndinayang'ana tambula ija, ndinayang'ana mng'ono wanga, ndipo ndinalumbira kuti sindinena. Mlungu uliwonse ndinkamufunsa kuti kodi tsopano ndinene, iye n'kumati mlungu wamawa.

Amene anabweretsa nzeru ya nsapato ndi a Lupe, ndipo ankangoseleula. Kuno mtengo wa mango kapena wa mapeyala ukamakana kubala timaupachika nsapato zakutha ndi nsanza kuti anthu aziuseka, uchite manyazi. Ukaumabe mutu timaukwapula ndi lamba. Tonse tinachitapo zimenezi, ngakhale ine ndinachitapo ndi mtengo wanga wa ndimu. Koma zimenezo ndi za mitengo. Chiyambire tauni ino palibe anaganizapo zochititsa manyazi phwetekere.

"Mwayesapo nsapato?" anatero a Lupe atatsamira mpanda. "Mbewu zanuzi zilibe manyazi, bwanawe. Zikudya manyowa onunkhira, kumwa madzi, osabweza kanthu."

A Crisanto anawayang'ana nthawi yaitali, kenaka analowa m'nyumba n'kutuluka ndi thumba.

Anayenda khomo ndi khomo. Kumene ankawakaniza ankatuma maso kuseri kwa chitseko, n'kudzitengera okha. Pofika Lachisanu dimba lonse linali nsungwi zozikidwa, ndipo pamwamba pa nsungwi iliyonse panali nsapato. Chimene mlamu wanga sanaganize n'chakuti m'tauni yaing'ono nsapato iliyonse ili ndi dzina. Anthu ankaima pampanda n'kumaziwerenga. Apo nkhwayira ya bambo mfumu, wansembe wathu, yomangidwa ndi waya. Apo jombo ya a Lupe, imene itapendekeka inagwetsa chithabwa chimene ankaika m'kati kuti azioneka otalika. Ndipo pansungwi yaitali kuposa zonse, pakati penipeni pa maungu, panali nsapato yanga yakuda ya kutchalitchi, yophulika pambali pamene phazi langa lili ndi chotupa. Chotupa chimenecho ndinachibisa moyo wanga wonse ndi masiketi aatali osoka ndekha.

"Alamu, tsitsani nsapato yanga."

"Yanuyo ndiyo ikugwira ntchito kuposa zonse. Taonani mmene dzungu lazolikira."

"Amene wazolika ndi ine. Tsitsani."

"Pirirani pang'ono, alamu. Ndi za mng'ono wanu izi."

Mawu anali pakamwa penipeni. Ndikanangoti, "Siyani kudula maluwa, chidempete inu," nsapato yanga ikanatsika tsiku lomwelo. Koma ndinali nditalumbira, ndiye ndinameza malovu n'kulowa m'nyumba. Mwezi umenewo ndinkapita ku Misa yoyamba ya m'mawa, ya nkhalamba zosaona bwino.

Nsapato zitalephera, anayamba ulaliki. M'mawa uliwonse, nthawi imene anthu akupita kukagula totiya, timikate tathu topyapyala ta chimanga, a Crisanto ankaima pakati pa dimba manja kumbuyo, n'kuyamba kuzitchula mbewu imodziimodzi mokweza mawu.

"Iwe phwetekere, tandiyang'ana. Masamba mbuu, chipatso ayi. Ukufuna kufanana ndi mwana wa a Lupe, amene akuphunzira ku Xalapa chiyambire ndili ndi tsitsi lakuda, koma pepala sitinalione?"

"Nanga inu a nyemba, kukwera mwakwera, koma kumwambako mukukatenga chiyani? Mkamwini wa mayi a mkaka nayenso anakwera mpaka kukhala kalaliki ku boma, koma apongozi ake akadali pabulu."

Anthu amene ankabwera kudzaseka anayamba kudutsa mothamanga, mitu ili pansi, kuopa kufanizidwa ndi ndiwo. Aliyense ankadziwa kuti wometa amamva zonse, ndipo zimene anamva pampando uja kwa zaka zambiri tsopano ankazikhuthulira maungu. Palibe m'msewu mwathu amene sanachite manyazi mwezi umenewo, kupatula mbewu zenizenizo.

Za lamba zinachitika Lamulungu, anthu akuchokera ku Misa yaikulu. Mlamu wanga anasankha dala nthawi imeneyo, akuti chilango chopanda mboni sichipweteka. Anaima pamaso pa dzungu lalikulu, anavula lamba, anaukweza m'mwamba.

"Ubala kapena subala?"

Dzungu silinayankhe. Amene anayankha ndi thalauzi, chifukwa chiyambire kudwala kwa Herminia mwamunayo anali ataonda kwambiri. Inatsika mwakachetechete mpaka m'mapazi, amayi onse a bungwe la Mtima Woyera ali pampanda ndi makorona awo. Wina akanathawa. A Crisanto anagwira thalauzi ndi dzanja limodzi, n'kumaliza chilango ndi dzanja linalo, kenaka n'kuwagwadira pang'ono amayi aja ngati mmene ankachitira akamaliza kumeta munthu. Ine ndinali nditatuluka m'nyumba n'kuima kumbuyo kwa gululo, ndipo ndinapempha nthaka kuti ing'ambike indimeze, koma nayonso inali mbali ya mlamu wanga.

Kuseka kunatha Pasaka itapita. Dokotala anati wodwala azimutulutsa panja aziothera dzuwa, ndiye tsiku lina m'mawa tinamunyamula Herminia pampando, ine uku a Crisanto uku, n'kumukhazika pakhonde. Aka kanali koyamba kuti alione dimba lake chigwere. Anaona nsungwi zija, anaona nkhwayira ya bambo mfumu, anaona nsapato yanga pamwamba, ndipo anaseka ndi pakamwa pake popotoka mpaka kutsokomola. Chiyambire Khirisimasi ndinali ndisanamve kuseka kumeneko. A Lupe ndi amayi angapo anali pampanda monga mwa masiku onse, nawonso n'kumaseka naye.

Kenaka anasiya. Maso ake anaima pansungwi ya pafupi ndi geti. Pamenepo panali kansapato koyera ka khanda, kolendewera pa chingwe chake. Kanali ka mdzukulu wa mayi a mkaka, amene anangokaponya m'thumba lija osaganiza kanthu.

Achinyamata sakudziwa, koma ife akuluakulu tonse tinakumbukira nthawi imodzi. Herminia atakhala pabanja zaka zingapo wopanda mwana, apongozi ake, mayi a a Crisanto, anabwera m'mawa wina n'kupachika kansapato ka khanda pachitseko chake, monga timachitira ndi mtengo wa mango. Msewu wonse unaona, ndipo ambiri anaseka. A Crisanto, mnyamata nthawi imeneyo, anangokatsitsa n'kukaika m'thumba la thalauzi, osawayankha mayi awo ngakhale liwu limodzi. Herminia anatha mwezi osatuluka pageti. Dimba lija analiyamba mwezi umenewo.

"Santo," anaitana Herminia.

"Ndili pano, Mina."

"Tsitsani iyo."

"Iti? Jombo ya a Lupe?"

"Kakang'onoko."

A Crisanto anatembenuka n'kukaona. Ndinaona nkhope yawo ikusintha, ndipo ndinadziwa kuti anali ataiwaliratu, ndipo kuti kuiwalako ndiko kunkawapweteka kwambiri.

"Atandipachikira ine," anatero Herminia pang'onopang'ono, liwu lililonse palokha, "ndinabala?"

A Lupe anavula chipewa n'kumachiyang'ana m'kati. Amayi aja anachoka mmodzimmodzi osatsanzika, ndipo ena mwa iwo ndi omwe anaseka kalelo. Manyazi ndawaona ambiri pamoyo wanga, a thalauzi aja omwe, koma a tsiku limenelo anali amtundu wina, osaseketsa.

Mlamu wanga anatsitsa nsapato zonse masana omwewo, n'kuyendanso khomo ndi khomo kukabweza. Apa napo panali ntchito, chifukwa aliyense ankakana yake. A Lupe analumbira kuti jombo yachithabwa ija sanaionepo chibadwire. Amene analandira yake mosavuta ndi bambo mfumu okha, ndipo anaivala pomwepo. Yanga anandipatsira pampanda, atayipaka polishi mpaka pachibowo pomwe.

"Pepani, alamu," anatero osandiyang'ana.

Atabwerako anakakhala m'mbali mwa bedi la mkazi wawo, manja ali pakati pa mawondo. Ine ndinali momwemo ndikupinda zofunda.

"Mina, ndalephera. Nthaka yandikana. Mawa ndikawauza anthu kuti dengu silituluka."

Herminia analoza tambula ija ndi chibwano. "Ndipatseni limodzi. Lalikululo."

Anamupatsa. Iye analitembenuza ndi dzanja lamanzere n'kuika chala pakachotupa kobiriwira kamene kanali kunsi kwa duwalo.

"Ili ndi dzungu."

"Ayi Mina, limenelo ndi duwa."

"Dzungu. Mwalidula."

A Crisanto anayang'ana duwa, anayang'ana tambula, kenaka anayang'ana pawindo mbali ya dimba. Ndinkachita kuona m'mawa uliwonse wa miyezi ija ukudutsa m'mutu mwawo.

"Onse aja?"

"Onse."

"Ndipo inu mumadziwa?"

"Ndimadziwa."

"Nanga osanena bwanji, mayi?"

"Anali okongola," anatero Herminia. "Ndinawadikira nthawi yaitali."

Mwamunayo makutu anafiira. Anatembenukira kwa ine. "Alamu, inunso?"

"Ine ndinalumbiritsidwa. Mukuganiza kuti nsapato yanga ndinkaisiyira chikondi pansungwi paja?"

A Crisanto anayang'ananso pawindo. Kenaka anati, "Ndiye kuti ndakhala ndikukwapula munthu wosalakwa." Anadzuka, anatuluka, ndipo tinawamva kudzera pawindo. Anali ataima pamaso pa dzungu lija chipewa chili m'manja, akupepesa mokweza mawu monga momwe ankalalatira, kuti amene anamva kunyoza amvenso kupepesa. Anapepesa kwa phwetekere, anapepesa kwa nyemba. Mwana wa a Lupe yekha ndiye anati sabweza mawu.

Kuyambira tsiku limenelo Herminia ankalima ali pakhonde, ndi chala chimodzi. Anawaphunzitsa kuti maluwa a phesi lalitali lopyapyala angathe kudula ena, ena kusiyira njuchi, koma okhala ndi kachotupa kunsi asawakhudze. A Crisanto anawatcha amenewo oyembekezera. Ankawadutsa monyang'ama, ankawatchingira dzuwa ndi ambulera ya mkazi wawo, ndipo a Lupe analetsedwa kusuta fodya pampanda.

Koma nthawi inali itatha. Nyemba zinali zitakalamba, phwetekere anangotulutsa timibulu tobiriwira tosati n'kuonetsa munthu. Kutentha kwa mwezi umenewo kunayoyola timaungu tambiri tisanakhwime. Kamene kanagwira kanali kamodzi, ndipo tsiku la Isidoro Woyera litayandikira kanali kakakulu ngati dzira la bakha.

Kutatsala tsiku limodzi, a Lupe anabwera masana atanyamula chinthu m'chiguduli. Anachitula pakhonde n'kuvundukula: dzungu lalikulu loti mwana angakhalepo.

"La kumunda kwa achimwene anga," anatero motsitsa mawu, chinthu chimene sankachidziwa bwino. "Si la kumsika. Ikani m'dengu, bwanawe. Amayi onse ndalankhula nawo, palibe atsegule pakamwa."

A Crisanto analiyang'ana dzungu lija momwe munthu wanjala amayang'anira nyama. Kenaka anayang'ana mkazi wawo.

"Zikomo a Lupe," anatero. "Koma mkazi wanga sananyamulepo za m'nthaka ya eni. Bwererani nalo. Mukafuna kundithandiza, mundibwereke ngolo yanu yonyamulira makireti."

M'mawa wa chikondwerero anamasula mpando wometera uja m'shopu, n'kuumangirira pangolo yokankha ya a Lupe. Herminia tinamuveka diresi yabuluu imene ndinamusokera, tsitsi analikonza mwamuna wake yekha. Dengu tinamuikira pamiyendo. M'katimo munali thaulo loyera la m'shopu, pathaulopo kadzungu kaja, kozunguliridwa ndi maluwa achikasu.

Ndisakunamizeni, poyamba ndinkayenda kumbuyo nkhope ikutentha. Kutsogolo kwathu kunali ng'ombe zovekedwa nkhata zamaluwa, mathirakitala, amayi osenza madengu osefukira chimanga, tsabola ndi nthochi, ndipo ife tinali ndi mayi wokhala pampando wometera, atanyamula dzira la bakha. Ndinkadikira kuti wina ayambe kuseka. Koma amene ankakankha ngoloyo pamodzi ndi mlamu wanga anali a Lupe, thukuta lili kamukamu, ndipo aliyense wofuna kumwetulira ankakumana ndi diso lawo.

Pakhomo la tchalitchi bambo mfumu anaweramira m'dengu, anayang'ana, anayang'ananso.

"Chili kuti choti ndidalitse, ana anga?"

"Sunthani duwalo, bambo," anatero a Crisanto.

Atakaona, wansembeyo anakawaza madzi odalitsa ochuluka kuposa amene kanamwapo m'dimba. Herminia anakweza dengu lija ndi dzanja lake limodzi mpaka pachifuwa, monga ankachitira ali mtsikana. Apo m'pamene ndinasiya kubisala kumbuyo n'kukaima pambali pake. Madzulo ake tinakaphika kadzungu kaja n'kugawana anthu anayi, aliyense supuni imodzi. Kanalibe kukoma kulikonse, ndipo a Lupe anapempha kuti anyambite mphika.

Herminia anatisiya mvula ya chaka chomwecho isanathe. Tinkaganiza kuti dimba lithera pomwepo, koma a Crisanto analilimabe zaka zonse zimene anatsala nazo, ndipo sanaphunzirepo kanthu kena. Anyezi ankamuzulabe kuti amuone. Mbewu ankalankhula nazobe m'mawa uliwonse, koma tsopano mwaulemu, kuzifunsa mmene zagonera. Akamaliza ankadula maluwa a phesi lalitali, n'kuyenda nawo mpaka kumanda atavala chijasi chawo choyera. Chaka chatha anagona osadzukanso, ndipo powasambitsa tinapeza sizasi m'thumba la malaya.

Nyumba ija ndi yotseka tsopano, abale awo a ku Puebla sanagwirizane chochita nayo. M'mawa kumsewu kwathu kuli zii. Anthu amapita kukagula totiya osaopa kutchulidwa, ndipo ndaona kuti ena amachepetsabe liwiro akafika pampanda paja, ngati akudikira kuti wina awanene. Nsapato zakutha timangotaya kudzala. Chondinyansa n'chakuti dzungu lamera lokha m'dimbamo, layanga mpaka kudutsa mpanda wanga, ndipo likubala mopanda manyazi, maungu akuluakulu ali mbwee. Odutsa amati, "Mwaona, vuto linali dzanja la wometa." Ndikamva zimenezo ndimatseka windo.

Chaka chino pa tsiku la Isidoro Woyera amayi anzanga anati ndithyole limodzi lalikulu ndiike m'dengu la Herminia, poti nthaka yake ndi yomweyo. Ndinatenga dengulo, ndinatenga sizasi ya mlamu wanga, ndinalowa m'dimba m'mawa maluwa atangotseguka. Maungu aja sindinawakhudze. Ndinadula maluwa okhaokha, onse amene ndinawapeza, n'kuwalinganiza bwinobwino kuti pasakhale lotumphuka pamwamba pa linzake. Mdipiti unkalowera kutchalitchi, ine ndinakhotera njira ya kumanda.

A Lupe anali pakhomo la golosale yawo, atatsamira ndodo. Anasuzumira m'dengu, n'kutola duwa limodzi lokhala ndi kachotupa kunsi.

"Mayi Ofelia, mwadula ndi oyembekezera omwe."

"Ndikudziwa," ndinatero. "Mwini wake ankawakonda choncho."

Analibwezera m'dengu mosamala, anatseka golosale, n'kunditsata pambuyo.